Masiku Atatu pa Famu ya a NyaGondwe

Tadala ndi Chikondi, ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala. Za ubwana wanga ku Dowa ndinakuuzani kale pakamwa, sindibwerezanso. Pano ndilemba za zaka makumi atatu ndi ziwiri zimene ndinagwira ngati mlangizi wa ziweto. M'zaka zonsezo muli masiku atatu amene mtima wanga umabwererako pafupipafupi. Inunso munalipo masiku amenewo, koma munali ana. Munaona ng'ombe ndi dziwe, zina simunazione.

Chaka choyamba, mwezi wa Juni

Kalata ya boma inati ndikayambe ntchito ku Mzuzu. Ndinatsika basi m'mawa, kuli nkhungu yoti tsidya la msewu osaliona, nditavala shati ya manja aafupi ngati munthu wopita ku Salima. Bwana wanga woyamba anali a Mhango, munthu wamfupi wa ndevu za imvi, wodana ndi kukhala mu ofesi. Anandiyang'ana ndikunjenjemera, n'kuvula juzi yawo, n'kundiponyera. "Muli uli, mnyamata?" anatero. Ine wosadziwa Chitumbuka ndinangoti, "Zikomo, bwana." Anaseka mpaka kutsokomola. "Tamvera," anatero, "kuno ukafuna kuti mlimi akuonetse ng'ombe yodwala, uyambe wamupatsa moni m'chiyankhulo chake. Ukapanda kutero akuonetsa yonenepa, yodwalayo aimangirira kuseri kwa nthochi." Miyezi itatu yoyamba ndinkayenda pambuyo pawo khola ndi khola. Sankalola kuti ndigwire ng'ombe ndisanaime kaye patali n'kuiyang'ana mmene ikuimira, mmene ikutafunira, mmene ikupondera. Zambiri zimene ndinkazidziwa pa ntchito ndinaziphunzira kwa iwo, osati kusukulu. Juzi ija sanailandirenso.

Chaka chachinayi mpaka cha makumi awiri

Amayi anu, Nachisale, ndinakawatenga kwathu ku Dowa m'chaka changa chachinayi. Anabwera ndi sutikesi imodzi ndi makina osokera, ndipo tinapeza nyumba ku Msongwe, yomwe ino ndikulemberamo. Chitumbuka anachigwira msanga kundiposa ine, chifukwa amayi obwera kudzasoketsa ankacheza nawo tsiku lonse. Ntchito yanga inali ya kusowa. Mankhwala a dibi, osambitsira ng'ombe kuti nkhupakupa zife, ankatha miyezi osabwera. Njinga yamoto inalipo, koma petulo ankaoneka mwa apo ndi apo, moti ku Mzilawaingwe ndinkapita wapansi, bokosi la katemera lili paphewa, ndikufulumira kuti madzi oundana a m'katimo asasungunuke. Magetsi akazima, katemera ndinkakamusungitsa kwa munthu wina wogulitsa nyama amene anali ndi jenereta. Iwe Tadala utangobadwa, ananditumiza ku Chitipa zaka ziwiri kukaona ziweto zodutsa m'malire, ndipo amayi anu anatsala okha ndi khanda. Pobwerera ndinapeza a Mhango atapuma. Pampando pawo panali a Kachingwe, munthu wabwino ndithu, koma wa mapepala. Ng'ombe ankaidziwira mu lipoti.

Alimi sadziwa Lamulungu. Ng'ombe ikakanika kubereka, mwini wake amabwera kulikonse kumene uli. Kangati ndatuluka m'tchalitchi ulaliki uli pakati, chifukwa wina akundikodola pazenera? Masiku anga a tchuthi ankangounjikana mu ofesi. Tsiku lina ndikuvala nsapato za jombo chakudya chili patebulo, amayi anu anati, "Bambo a Tadala, kwathu akandifunsa ndimati ndinakwatiwa ku Mzuzu. Sindinena kuti ndili pamitala ndi ng'ombe." Anaseka ponena, inenso ndinaseka, n'kutuluka.

M'zaka zimenezo ndinadziwana ndi a NyaGondwe. Anali mayi wamasiye, wamtali, wa mawu amphamvu, amene amuna awo anawasiyira famu kunja kwa mzinda, ukadutsa nkhalango ya Kaning'ina n'kukhotera m'msewu wafumbi. Anali ndi ng'ombe za mkaka, munda wa nthochi ndi khofi pang'ono. Kenako anamanga zipinda zinayi zogona alendo, anthu a m'tauni ofuna kupuma pa wikendi. Nthawi ina ndinawapulumutsira ng'ombe imene mwana anaipingasa m'mimba, ndipo kuyambira pamenepo ankanditcha a Dokotala. Nthawi zonse pochoka ankati, "A Dokotala, mudzabwere ndi banja. Osati ndi chikwama chanucho, ndi banja. Chipinda ndi chaulere." Ine ndinkangothokoza kuti yewo, n'kukwera njinga.

Chaka cha makumi awiri ndi chimodzi, Ogasiti: Lachisanu ndi Loweruka

Amene anavomera si ine. A NyaGondwe anakumana ndi amayi anu kumsika, ndipo awiriwo anagwirizana tsiku. Ndinangouzidwa. Iwe Tadala unali ndi zaka khumi ndi zinayi, Chikondi zisanu ndi zinayi. Lachisanu masana galimoto yonyamula mkaka ya pafamupo inatitenga pakhomo, ndipo amayi anu anandisecha ndisanakwere, n'kutulutsa m'thumba la jekete kachipangizo koyezera kutentha kwa ng'ombe, n'kukasiya pawindo.

Tinafika dzuwa litapendeka. A NyaGondwe anatilandira pageti. "Monire mose! Lero mwabwera ngati anthu, a Dokotala!" Nyumba ya alendo inali yanjerwa zofiira, ya khonde lalitali loyang'ana kudambo. Kumunsi kunali dziwe lomwera ng'ombe, ndipo kuseri kwake mitengo ya paini inakwera phiri mpaka kumene nkhungu inayambira. Ndinali nditafika pafamupo kambirimbiri, koma nthawi zonse ndinkalowera kukhola. Sindinkadziwa kuti kuchokera pakhonde malowo amaoneka choncho. Inu awiri munathamangira kukaona ana a ng'ombe. Amayi anu analowa m'chipinda, n'kukhudza bulangeti, n'kutsegula zenera, n'kubwerera pakhonde n'kukhala pampando wansungwi. Mtsikana wa kukhitchini atabweretsa tiyi wa mkaka wongokamidwa kumene, iwo anadzuka kuti amulandire thireyi, koma a NyaGondwe anawagwira paphewa. "Khalani pasi, mama. Kuno simugwira kanthu." Amayi anu anakhala, manja ali pamiyendo, ngati sakudziwa kowaika.

Loweruka lija ndimalikumbukira lonse, kuyambira m'mawa. Tinadzuka dzuwa litatuluka kale, chinthu chimene sichinachitikepo m'nyumba mwathu. Tinadya chinangwa chophika ndi mazira, ndipo iwe Chikondi unamwa chambiko mpaka kukhala ndi ndevu zoyera. A NyaGondwe anatizunguliza famu yonse. Anationetsa nkhunzi yatsopano imene anagula kwa wamalonda wina masabata awiri m'mbuyomo, ndi ng'ombe zazikazi zitatu zoti sizinaberekepo, zimene ankati agulitsa mawa lake kwa gulu la amayi a ku Mzilawaingwe. Amayi amenewo ndinkawadziwa bwino, ndine ndinkawalangiza. Aliyense anali ndi ng'ombe imodzi kuseri kwa nyumba, ndipo ana awo ankaphunzira ndi mkaka wa ng'ombeyo. Ndinayamba kufunsa za mapepala a nkhunzi ija, koma amayi anu ananditsina pamkono, ndipo ndinatseka pakamwa.

Masana tinadya mbalagha, nthochi zophikidwa pamodzi ndi nyama, pansi pa mtengo wa mapeyala. Kenako inu munapita kukathyola magwafa, ife tinatsala pakhonde. Palibe chachikulu chimene chinachitika. Amayi anu anagona tulo pampando, pakamwa patatseguka pang'ono, chitenje chitagwera pansi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'banja, ndinali ndisanawaonepo atagona masana. Ndinakhala ndikuwayang'ana, n'kuona kuti pamwamba pa khutu payamba imvi, ndipo sindinadziwe kuti zinayamba liti. Atadzuka anati, "Bambo a Tadala, mukudziwa chimene chikundikomera kuno? Palibe amene wanditchula dzina kuyambira m'mawa." Kenako anandifunsa ngati ndikukumbukira tsiku limene ndinapita kwawo koyamba nditabwereka nsapato za mnzanga, zazikulu, zimene zinandivuka ndikugwada pamaso pa amalume awo. Tinaseka mpaka a NyaGondwe anasuzumira pazenera la kukhitchini kuti aone chachitika n'chiyani.

Lamulungu

Chizolowezi n'chovuta. M'mawa ndinamva zitini za mkaka zikugundana, ndipo miyendo inanditengera yokha kukhola. Ndinaima patali, monga a Mhango anandiphunzitsira. Ng'ombe zonse zinkadya, koma imodzi yakuda inaima payokha, mutu uli pansi, dovu likutsika ngati ulusi mpaka kufika padothi. Inkatafuna popanda kanthu m'kamwa, ndipo poyenda inkaponda ngati pansi pali minga. Ndinapempha okama kuti aigwire. Palilime panali matuza, lina litaphulika kale, ndipo pakati pa ziboda panali zilonda. Ndinapita kwa nkhunzi yatsopano ija, n'kupeza zipsera zoyamba kupola. Sindinafunikire kachipangizo kalikonse. Anali matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene amayenda ndi malovu, mkaka, nsapato, ngakhale matayala a galimoto. Lamulo linali lodziwika: ukawaona, unene tsiku lomwelo, ndipo famu imatsekedwa. Ndinauza okama kuti aipatule ng'ombeyo, ndinasamba m'manja ndi sopo, n'kubwerera pakhonde.

Amayi anu anali atakhala kale ndi kapu ya tiyi. Anangondiyang'ana kamodzi. "Mwaona chiyani?" Ndinawafotokozera. "Ndikanena, geti itsekedwa miyezi. Alendo sabwera, mkaka sutuluka. Mayi amene watigoneka ulere ameneyu ndimugwetsa ndi dzanja langa."

"Nanga mukapanda kunena?"

"Lole ikubwera thuu koloko kudzatenga ng'ombe zitatu zija. Zikalowa ku Mzilawaingwe, makola onse a amayi aja agwidwa."

Anaika kapu pansi. "Ndiye mukundifunsa chiyani, bambo a Tadala? Mukufuna ndinene ndine kuti mtima wanu upepuke? Mwadziwa kale chochita musanachoke kukhola." Anayang'ana kudambo. "Tsopano ndi nayini koloko. Ndipatseni ola limodzi. Ng'ombe mwazipatsa zaka makumi awiri. Ola limodzi lokha, foni musiye patebulopo."

Tinatsetsereka kupita kudziwe, inu awiri muli patsogolo kuthamangitsa agulugufe. Udzu unali ndi mame. Amayi anu anavula nsapato n'kuyenda opanda kanthu kuphazi, ndipo potsika pamalo poterera anandigwira dzanja, n'kusalisiya ngakhale titafika posalala. Anakhala pamwala, mapazi ali m'madzi ozizira aja, n'kuyamba kunena za nyumba imene tidzakhalemo ndikadzapuma, kuti idzakhale ndi khonde loyang'ana kumene kulibe msewu, ndiponso kuti makina osokera adzawapereka kwa mwana wa achemwali awo. Anati, "Kuno tidzabwerenso, koma awiri. Ana adzakhala atakula." Ndinati inde. Ndilembe chilungamo, chifukwa n'chimene ndinayambira kulemba: pa ola limenelo ndinayang'ana wotchi kawiri. Kachiwiriko anandiona. Anangotulutsa mapazi m'madzi, n'kuwapukuta ndi chitenje, n'kunena kuti, "Tiyeni."

A NyaGondwe ndinawapeza kukhitchini. Okama anali atawauza kale. Anatseka chitseko kuti antchito asamve.

"A Dokotala, mwabwera ngati alendo anga. Simunabwere ngati boma."

"Ndikudziwa, mama."

"Ndiye khalani mlendo mpaka mawa. Mawa mubwere ndi yunifomu, geti ndikutsegulirani ndekha."

"Lole ikubwera lero."

"Zitatu zijazi zili makora. Munaziona nokha dzulo."

"Zimamwa madzi amodzi ndi yodwalayo, mama. Lero zili bwino, Lachitatu zidzayamba dovu, zili m'makola a anthu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Amuna anga atamwalira, abale awo ankati mkazi sangayendetse famu. Zaka khumi ndawatseka pakamwa. Sabata yamawa kuli ukwati pano, zipinda zonse zadzaza. Ine ndakuitanani kuti mudzapume, inu mwabwera kudzanditsekera geti." Ndinati pepani. Anati, "Phepani yanuyo musunge," n'kutuluka.

Ndinaimbira a Kachingwe, kenako ndinaimbira wapampando wa amayi a ku Mzilawaingwe kuti lole isanyamuke. Masana anzanga a ku ofesi anafika ndi galimoto ya boma. Anatenga malovu ndi khungu la matuza kuti akayeze, anamanga chingwe pageti, n'kuika beseni la mankhwala loti aliyense wotuluka apondemo. Iwe Chikondi unalira chifukwa nsapato zako zoyera za kutchalitchi zinasanduka zachikasu. Chakudya cha masana chimene chinakonzedwera ife sitinachidye. Tinakwera kumbuyo kwa galimoto ya boma ija, ndipo a NyaGondwe anaima pakhonde manja atapinda. Amayi anu anawatsanzika, iwo n'kuyankha kuti, "Mwende makora." Ine sanandiyang'ane.

Zaka zotsatira

Zoyeza zinatsimikiza zimene ndinaona. Famu inakhala yotseka miyezi ingapo. Ukwati uja unachitikira kwina, mkaka unkatayidwa m'dzenje, ana a ng'ombe awiri anafa, ndipo antchito ena anabwerera kwawo. Ku Mzilawaingwe matenda sanafike. A Kachingwe anandilembera kalata yondiyamikira, koma sindinaionetse munthu. Ndinapempha kuti famu ija aipereke kwa mlangizi wina. Kamodzi ndinakumana ndi a NyaGondwe pafupi ndi msika. Atandiona anawoloka msewu, inenso ndinalowa m'sitolo imene ndinalibe chogulamo.

Chaka chilichonse Ogasiti akafika, amayi anu ankati, "Bambo a Tadala, bwanji kufamu kuja?" Ine ndinkati ndikalowa ndi nkhope yanji, kapena ndinkati chaka chamawa. Kwina sitinapitenso. Inu munakula, munapita ku koleji, Tadala unakwatiwa ku Lilongwe. M'chaka changa chomaliza pa ntchito, kutatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume, amayi anu anayamba kudandaula za m'mimba. Zinatenga masabata asanu ndi limodzi okha. Zimenezo mukuzidziwa, sindingazilembe.

Chimene simukuchidziwa ndi ichi. Pa maliro, masana a tsiku lachiwiri, tisananyamule thupi kupita ku Dowa, anandiuza kuti pali mayi wina akufuna kundiona kuseri kwa nyumba. Anali a NyaGondwe, atakalamba, akuyendera ndodo. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Phepani chomene, a Dokotala. Ndataya mnzanga."

Sindinamvetse. Anaona kuti sindinamvetse, ndipo anakhala pa benchi.

"Akazi anu anabwera kwathu geti itangotsegulidwa. Okha, pa minibasi, n'kuyenda wapansi kuchokera pamsewu waukulu. Ine sindinafune kuwalandira. Anakhala pakhonde mpaka ndinachita manyazi n'kuwapangira tiyi."

"Anati chiyani?"

"Sanapepese. Anati, amuna anga sanalakwe, koma zikuwadya. Ndinawakalipira, iwo ankangomwa tiyi. Mawu atandithera tinayamba kucheza zina. Kuyambira pamenepo ankabwera kamodzi pa chaka, Loweruka. Ankafika m'mawa, n'kutsikira kudziwe, n'kugona pang'ono pampando, madzulo n'kubwerera. Ndinkati bwerani nawo a dada, amuna anuwo, mkwiyo unatha kalekale. Iwo ankati ayi, musawauze, munthu uja sakokedwa. Adzabwera yekha akapuma pa ntchito."

Ndinakumbukira Maloweruka amenewo. Ankavala chitenje chabwino n'kunena kuti, "Ndikupita kokaona mnzanga." Zaka khumi, ana anga, ndipo sindinafunsepo kuti mnzawoyo ndani. Nthawi zambiri ndinkakhala ndikumanga kale bokosi la katemera panjinga.

Ponyamuka, a NyaGondwe analemba nambala ya foni yawo kuseri kwa pepala la nyimbo za pamaliro, n'kundipatsa. Anati famu tsopano akuyendetsa ndi mwana wawo wamkazi, zipinda zawonjezeka, koma khonde ndi lomwe lija.

Chaka chino

Papita zaka zitatu chipumire pa ntchito. Palibenso amene amandikodola pazenera la tchalitchi; alimi ali ndi alangizi achinyamata amene amawapeza pa foni. Nthawi ndili nayo yambiri, yoti ndimasowa nayo chochita. M'mawa nkhungu ikatsika kuchokera ku Kaning'ina ndimakhala pakhomo ndi tiyi, ndikuyang'ana kumene ikuchokerako. Pepala lija lili m'Baibulo la amayi anu. Ndaimbapo kawiri, ndipo kawiri konseko ndinadula foni isanayankhidwe.

Tadala, unanena kuti pa Isitala ubwera ndi galimoto, ndi ana. Udzanyamukeko Lachinayi, ndipo Chikondi udzamutenge panjira. Pepalalo ndidzakupatsa iweyo. Udzaimbe ndiwe, ine ndidzakhala pambali pako. Udzawauze a NyaGondwe kuti tikubwera Lachisanu.